Madala Otola Ogonja

Pa mpikisano wa njinga aliyense amathamangira kukaona wopambana, koma madala awa sanamuonepo ndi mmodzi yemwe. Ntchito yawo ndi kuyendetsa minibasi yomaliza, yotola amene miyendo yawakana panjira. Opalasa amawatcha Atsache poti amasesa otsalira, ndipo akamva injini yawo ikulira kumbuyo amagwa mphwayi.

Sachulutsa mawu. Amatsika, kumatula nambala kumsana kwa wogonjayo, kukweza njinga yake pamwamba, n'kumufunditsa bulangete. Kenako amapotoza kalilole wa kutsogolo kuti aloze kudenga. "Munthu akamalira sapenyedwa," amatero.

Chaka chino mvula inayamba m'mawa osakata. Pachitunda chomaliza, amene anatsalira yekha anali mwana wawo wachisamba. Anali atapalasa zaka khumi ndi zisanu osapambanapo, ndipo uwu unali mpikisano wake wotsanzikira. Madala anamutsatira ndi giya yoyamba, ngati operekeza maliro.

Woyang'anira mpikisano anakuwa pa wailesi: "Nthawi yatha, madala! Mtoleni ameneyo titsegule msewu!"

Kawiri konse madala anakhala ngati sanamve. Kachitatu anamupitirira mwanayo n'kuima kutsogolo kwake.

"Ababa, ingondilolani ndikafike pamzere womaliza," anatero mwanayo, ali wefuwefu.

"Anthu abalalika kale kumeneko, mwana wanga. Kwera."

Madala anamatula nambala ija n'kukweza njinga pamwamba. Atakhala pachiwongolero anapotoza kalilole monga mwa nthawi zonse. Koma tsiku limenelo wakumbuyo sanagwetse msozi. Amene ankabisa nkhope anali wakutsogolo.