Ndinavina ndi apongozi anga

Lachitatu lapitali ndinavina ndi apongozi anga. Musathamangire kwa ankhoswe, khalani pansi ndikufotokozereni.

Ine ndine mkamwini kuno kufupi ndi Kachulu, ndipo mwambo ndimaudziwa. Chikwatirire, ine ndi mayi a mkazi wanga, Abiti Saidi, sitinayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira ya kudimba, wina amapatukira m'tchire. Akafuna kundiuza kanthu amauza mwana wawo, ine ndili pomwepo: "Uwauze aphunzitsi kuti mbuzi zalowa m'munda." Ine ndimayankha ndikuyang'ana khoma. Sindinadandaulepo, chifukwa ulemu umenewu watisunga bwino zaka zonsezi.

Mvula itangoyamba, Abiti Saidi anadwala sitiroko, mbali ya kumanzere n'kufooka. Kuchipatala anatiuza kuti azidzutsidwa tsiku lililonse, aziima ngakhale pang'ono, apo ayi miyendo idzaumira pa mkeka. Wowadzutsa anali mkazi wanga Mariamu. Koma Mariamu ndi woyembekezera, miyezi yapita ndithu, pomwe mayi ake ndi munthu wathupi, amene ankasenza thumba la mpunga kuchokera kudimba osatula panjira. Kusikelo anamwino anamuuza Mariamu mosapsatira kuti akapitiriza kunyamula munthu wamkulu, ataya mwana.

Ndinadzipereka. Yankho linadzera kwa Mariamu: "Uwauze kuti zikomo, koma bola ndiumire pa mkeka pompano." A shehe anabwera n'kufotokoza kuti chipembedzo sichiletsa mkamwini kuthandiza apongozi odwala. Mayi anamvetsera mwaulemu, kenako anatembenukira kukhoma. Mariamu anapitiriza kuwanyamula, ndipo ine ndinkachita mantha m'mawa uliwonse popita kusukulu.

Ndiye kunabwera mlamu wanga Hawa, mng'ono wake wa Mariamu, amene akuphunzira za zisudzo ku Zomba. Pa tchuthi chimenechi anabwera ndi gule wina wa dzina la Chingerezi. Ine ndangomutcha gule wotsamirana. Alibe ng'oma, alibe nyimbo, alibenso mapazi oloweza. Anthu awiri amagunditsa mapewa kapena misana, wina n'kutsamira, mnzake n'kulandira kulemerako, n'kubweza. Kumene kulemera kwalowera ndi kumene gule akupita. Nditamuona akuvina ndi anzake kuseri kwa nyumba, ndinamufunsa ngati fizi yonse ija ikupita kokaphunzira kudzandira.

"Alamu, inu mumangodziwa manganje, aliyense ndi thupi lake," anatero Hawa. "Tabwerani, khalani apa."

Anandikhazika pa mkeka, iye n'kukhala kumbuyo kwanga, misana itagundana, mikono titakolowekana.

"Musandinyamule iyayi. Pondani pansi mwamphamvu, munditsamire. Nanenso ndikutsamirani."

Koyamba ndinafuna kumunyamula basi, poti ndine mwamuna, ndipo tonse tinagwera cham'mbali. Kachiwiri ndinamvera. Tinangozindikira taimirira, popanda amene wadzutsa mnzake.

Chinthu chaching'ono chimenechi chandizunguza mutu sabata yonse. Ife timadziwa njira ziwiri zokha: kunyamula kapena kunyamulidwa. Wodwala timamugwira m'khwapa, "inu gwirani uko, ine kuno," kumalankhula pamwamba pa mutu wake ngati tikukweza katundu m'bwato. Nanga munthu amene wadzisenzera moyo wake wonse angakondwe bwanji kusanduka katundu, makamaka m'manja mwa mkamwini?

Komanso tafunsani, m'makomo mwathumu amanyamula odwala ndani? Amayi. Wina ali ndi pakati, wina ali ndi mwana kumbuyo, wina msana unatha kale ndi khasu. Amuna a kunyanja kuno timakankha bwato m'matope phewa ndi phewa, thukuta likusakanikirana, osachita manyazi. Tikafika kunyumba, bambo athu otibereka akufuna kupita kuseri, timaitana mlongo wathu. Timati ndi ulemu. Nthawi zina ndi ulemudi, sindikukana. Koma nthawi zina ndi mthunzi wabwino wobisalamo, ndipo ambiri takhala mumthunzi umenewu osatuluka.

Hawa anayesa gule wake ndi mayi ake, atakhala pa mipando iwiri yaifupi. Sizinatheke. Mtsikanayu ndi wochepa thupi, ndipo mayi akangotsamira, iye ankangosesereka ndi mpando womwe. Panafunika msana wolemerako. Aliyense pakhomo ankadziwa kuti msanawo ndi wa ndani, koma palibe anatchula. Tchuthi nacho chinali chikutha, Hawa amayenera kukwera minibasi Lachinayi.

Lachitatu masana ndinali pakhonde ndikuchonga makope. Mariamu anawerama kuti awadzutse mayi ake, anakoka kamodzi, kenako anasiya. Anagwira m'chiuno, n'kuyamba kupumira m'mwamba. Mayi anaona.

"Hawa," anatero Abiti Saidi, "uwauze aphunzitsi abweretse mpando winawo. Akhale chotembenuka. Asacheuke."

Ndinakhala, maso ku nkhokwe. Hawa anasendeza mpando wanga mpaka msana wanga unagunda wa apongozi. Unali wofunda. Mkono wawo wamanja unalowa m'mkono mwanga. Hawa anagwada kutsogolo kwawo kuchirikiza bondo lofookalo.

Tinayesa, tinalephera. Ine ndinafulumira, iwo anatsalira.

"Pumani kaye nonse," anatero Hawa. "Alamu, musatsogole. Mverani mmene akupumira amayi. Akakankha, inunso kankhani."

Ndinadikira. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinamva nthiti zawo zikufutukuka, zikubwerera. Kenako anakankha. Mbali ya kumanja inali ndi mphamvu ya mayi wa mpunga uja, ya kumanzere inkangobwera pang'onopang'ono. Ndinabweza molingana ndi zimene andipatsa, osaonjezera. Mawondo anga anaongoka, awonso anaongoka. Atapendekera kumanzere ndinawatsatira, n'kuwabweza pakati. Anapendekeranso, ndinawatsatiranso. Hawa anati gule wake ndi yemweyo, palibenso china.

Ataima, mutu wawo unapitirira mpanda wa udzu, ndipo anaona dambo lonse mpaka kumene kumayambira madzi. Mariamu akawadzutsa zinkakhala za changu, kungoima n'kukhalanso, ndiye munda wawo anali asanauone bwinobwino chidwalire.

"Bambo," anatero apongozi.

Ndinadikira kuti Hawa andiuze zotsatira. Koma anapitiriza ndi apongozi omwewo.

"Bambo, ndikunena ndi inu. Mbalame zikutha mpunga wanga uko. Simukuziona?"

"Ndikuyang'ana ku nkhokwe, amayi," ndinayankha.

Anaseka. Kuseka kwawo sindinakumve ndi makutu okha, kunadutsa mumsana mwanga monse. Ndinasangalala kwambiri, ndipo misozi inalengeza, mwamwayi panalibe wondiona kumaso.

Musandimve molakwa. Gule sachiza sitiroko, dzanja lawo lamanzere likadali lofooka, ndipo tsiku la kuchipatala tikupitabe. Mwambo nawo sitinaugwetse. Mpaka lero sitinayang'anizane m'maso, ndipo akadzachira ndikudziwa kuti wina adzapatukiranso m'tchire. Koma Hawa anapita, ndipo masana aliwonse ndikaweruka ndimapeza mipando iwiri itaikidwa kale pabwalo. Mariamu amakhala pa mkeka, dzanja limodzi pa bondo la mayi ake, lina pamimba pake, ndipo sanyamulanso munthu.

Nanga kwanuko, m'mawa uno wanyamula wodwala ndi ndani? Ndipo pamene iye amawerama, inu ndi ulemu wanuwo munaima pati?