Mayi Winfrida ndi Dothi la Nkhandwe

M'mawa uliwonse asanakakwere basi, Mayi Winfrida amavala magolovesi n'kuzungulira kadimba ka kuseri kwa mafulati ku Thamesmead, m'dziko la azungu, kutola chimbudzi cha nkhandwe. Amuna awo, Bambo Overton, amawaseka ali pawindo.

"Kuntchito mumasamalira nkhalamba, kuno mwayambanso kusamalira nkhandwe?"

"Tsikani mudzagwire pepala, musamangolira pamenepo ngati wailesi."

Kwawo ku Ntcheu anali mlangizi wa zaumoyo, ankapalasa njinga kukamwetsa ana asukulu mankhwala a njoka zam'mimba. Kuno anamva kuti nkhandwe zam'tauni zimayenda ndi njoka zawo, kuti mazira ake amakhala m'dothi zaka, ndiponso kuti akalowa mwa munthu timphutsi take timatha kukafika m'diso. Sanadikire wina kuwatuma.

Lachitatu lina anapeza Fiona, mtsikana wa ku Zomba wa fulati yapansi, atanyonyomala kuseri kwa nkhwani. Anali ndi pakati poyamba, miyezi isanu. M'manja anali ndi supuni, milomo ili dothi lokhalokha.

"Anti, ndimangoona masambawa."

"Masamba amaonedwa ndi supuni?"

Fiona anagwetsa nkhope. "Mtima umangolifuna. Kumudzi aliyense amadya."

"Kumudzi timasankha lapachulu, ena n'kuliwotcha kaye. Ili nkhandwe zimadzithandizirapo, mwanawe. Ine ndimatola zooneka, mazira sindiwaona." Anamulanda supuniyo mofatsa, n'kumupukuta pakamwa ndi kansalu kawo. "Azamba mwawauza?"

"Ndikauze mzungu kuti ndimadya dothi? Akandilemba kuti mutu sukuyenda, mwana akangobadwa adzanditengera."

Apa Mayi Winfrida anakhala pansi pa udzu wonyowawo, yunifolomu ili m'thupi, basi yawo n'kudutsa akuiona. Anamuuza kuti iwonso anadya dothi pa mimba zitatu zonse, kuti nthawi zambiri kumakhala kuchepa kwa magazi, si misala. Fiona anamvetsera, koma zopita kuchipatala anakaniratu.

Kutacha Mayi Winfrida anasinthana shifiti ndi mnzawo, n'kukagogoda kwa Fiona mpaka anatsegula. Anakwera naye mabasi awiri. Atalowa kwa azamba, mtsikanayo anayang'ana Mayi Winfrida, choncho anayamba ndi iwo, m'Chingerezi chawo chosathamanga.

"Kwathu amayi apakati timadya dothi. Ine ndinadya, ana anga onse ndi manesi. Uyu wadya la nkhandwe. Muyezeni magazi, ine ndikhala pompano."