Kachidutswa ka Katoni m'Buku Lakale

M'buku lina lakale limene ndili nalo muli kachidutswa ka katoni, kukula kwake ngati chikhatho changa, kali ndi tepi m'mbali zonse zinayi. Ndinakamata ine pa bowo lolowetsa mpweya m'chipinda chathu chochezera ku Erdington, chipinda chimene mkazi wanga anaferamo. Kwa chaka chathunthu palibe wa kwawo amene anadziwa za katoniyo, ndipo ine ndinkalandira chipepeso chawo ngati munthu wosalakwa.

Ndisanabwere kuno ndinali mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina ku Dedza. Mkazi wanga anali namwino. Iye ndiye anapeza ntchito pa chipatala china mu Birmingham, ine n'kumutsatira patapita miyezi ingapo. Mapepala anga a ku koleji sanandipezetse kalasi, choncho ndinalowa ntchito yosamalira okalamba pa nyumba ina kufupi ndi kumene tinkakhala. Kumeneko kunali mzungu wina wokalamba amene pa unyamata wake ankapanga masikelo ku fakitale. Tsiku lina ndikumumeta ndevu ndinamuuza ntchito imene ndinkagwira kwathu. Anandiuza kuti nditsegule kabati ya pafupi ndi bedi lake, ndipo mmenemo ndi mmene munali bukulo. Atamwalira, mwana wake wamkazi anandipatsa, akuti bambo ake ananena kuti lipite kwa mphunzitsi.

Bukulo linasindikizidwa zaka zoposa mazana awiri zapitazo. Chikuto chake ndi chachikopa, chosupuka m'makona, ndipo mapepala ake amanunkha chinyezi. Muli maphunziro a mkulu wina amene ankayenda m'matauni ndi zipangizo zake akuonetsa anthu mmene zinthu zachilengedwe zimayendera: mtengo wautali wotukulira mwala wolemera, kuwala kodutsa m'galasi la makona atatu n'kugawika ngati utawaleza, magineti okoka tizitsulo. Kumapeto kuli zithunzi zopindapinda zoti utambasule mosamala. Chimene chinandikoka mtima n'chakuti mkuluyo ankauza wowerenga kuti achite yekha aone. Ine ndinaphunzitsa zonsezi zaka zinayi ndi choko chokha, chifukwa labu ya pa sukulu pathu inali chipinda chosungiramo madesiki othyoka.

Gawo lalitali kwambiri ndi la mpweya. Muli chithunzi cha pampu yokhala ndi galasi lalikulu lovundikira, m'kati muli kambalame. Mkuluyo akufotokoza kuti ukapopa mpweya kambalameko kamayamba wefuwefu, kenako n'kugwa. Akufotokozanso kuti ngakhale osapopa, ukavundikira kandulo yoyaka, lawi limachepa mpaka kuzima, ndipo mbewa ikakhala momwemo nayonso sichedwa kufooka.

Zoyesera za kandulo ndinkazichita pa tebulo la m'khitchini. Ndinkaimika kandulo m'mbale ya madzi, n'kuivundikira ndi botolo, n'kumawerenga mpaka lawi litazima. Mkazi wanga anandipeza tsiku lina ndili pa zimenezi, iye atavala kale yunifolomu.

"Aphunzitsi, botolo langa la jamu lija n'limeneli? Jamuyo mwamuika kuti?"

"M'kapu. Taima uone madzi akwera."

"Anthu anawoloka nyanja kudzagwira ntchito, inu munawoloka kudzazimitsa makandulo."

Anaimabe, madzi n'kukwera m'botolo, iye n'kunena kuti koma zoona. Kenako anakoka bukulo n'kuyang'anitsitsa chithunzi cha kambalame.

"Nanga kameneka anakatulutsa?"

Ndinamuwerengera pamene mkuluyo analemba kuti anatsegula msanga, mpweya n'kubwerera, kambalame n'kudzuka.

"Ali ndi mwayi," anatero. "Akanakapha, buku lanuli likanagona panja."

Nyengo yozizira itafika, nyumba yathu ya lendi inakhala ngati firiji. Mkazi wanga ankagwira ntchito usiku, ndipo akabwera m'mawa sankakwera kuchipinda, kumene kunkazizira kwambiri. Ankagona pa sofa pabalaza, atayatsa hita ya gasi imene inali pakhoma. M'munsi mwa khoma lina munali bowo lotchinga ndi kachitsulo ka timabowo, ndipo mphepo inkalowera pamenepo n'kumawomba mapazi ake.

"Azunguwa amanga nyumba yonse ya njerwa n'kusiya chiboo ngati nkhokwe," ankatero.

Loweruka lina ndinadula katoni ya tiyi, n'kuimata pa bowolo ndi tepi. Ndinaimata bwino, n'kuyendetsa chala m'mbali monse kuti pasatsale mpata. Iye anaika phazi pamenepo, n'kumva kuti mphepo yasiya.

"Kani ndinakwatiwa ndi injiniya," anatero.

Kwathu mwana aliyense amadziwa kuti mbaula ya makala sagona nayo m'nyumba yotseka. Ine ndinkaphunzitsa zimenezi, n'kuzifunsa pa mayeso. M'buku lija zilimonso: pambuyo pa kandulo ndi mbewa, mkuluyo akuchenjeza za moto wa makala m'chipinda chotsekedwa zitseko ndi mazenera. Tsambalo ndinaliwerenga kangapo mwezi womwewo. Koma hita ija inalibe utsi, inalibe fungo, inalibe phulusa. Inkayaka ndi batani. M'maganizo mwanga inali m'gulu la babu ndi ketulo, zinthu zoyera za kuno, ndipo sindinaiganizirepo n'kamodzi komwe ngati moto wofuna mpweya.

Mutu unayamba kumuwawa. Ankadzuka madzulo ali wolefuka, n'kumwa mapilitsi awiri, n'kunena kuti ndi ma-night awa, akadzamusinthira kumasana zidzatha. Ndinavomereza. Nanenso ndikakhala pabalaza nthawi yaitali mutu unkandilemera, koma ndinkati ndi kutopa.

Tsiku limene anamwalira ndinali wa m'mawa ku ntchito. Tinakumana pakhomo, iye akulowa ine ndikutuluka, ndipo anandiuza kuti pobwera ndigule buledi. Ndinaweruka 2 koloko. Ndikanapita kunyumba, koma chikuto cha buku chinali chitayamba kuchoka, ndipo ndinali nditamva za munthu wina m'tauni wokonza mabuku akale. Ndinakwera basi kupita kumeneko. Munthuyo anandicheza nthawi yaitali, akutembenuza masamba ndi kuyamikira zithunzi, ine n'kumasangalala kuti ndapeza wolankhula naye za zimenezi. Ndinafika kunyumba cha m'ma 5, buledi ali m'manja.

Zimene ndinapeza sindizilemba zonse. Anali pa sofa, bulangete lili mpaka m'khosi, hita ikuyaka. Ndinatsegula chitseko ndi mazenera, ndinazimitsa hita, ndinaimba foni. Ndikudikira ambulansi ndinagwada pakhoma paja n'kumatula katoni, kuti mpweya ulowe. Ndinaiika m'thumba la jekete. Pa nthawi imeneyo sindinkabisa kanthu. Kubisa kunayamba mawa lake, pamene ndinaipeza m'thumba n'kuiika m'buku, pa tsamba la kambalame.

Ofufuza anapeza kuti chumuni chimene chimayenera kutulutsa mpweya woipa wa hita chinali chotsekeka ndi zinyalala, ndiponso kuti hitayo inali isanayenderedwe kwa nthawi yaitali. Mlandu unagwera mwini nyumba. Mmodzi wa iwo anawerama pa bowo lija, anaona kuti ndi lotsegula, n'kulemba m'kope lake. Sanandifunse, ine sindinanene. Ngati bowolo likanamupulumutsa, chumuni chili chotseka chotero, sindikudziwa. Ndawerenga zonse zimene ndikanatha kupeza, ndipo sindikudziwabe.

Amalawi a ku Birmingham, ku Coventry ndi madera ena anasonkhana, anaimba, anathandiza kuti thupi lipite kumudzi. Tinakamuika kwawo ku Ntcheu. Mwambo utatha, apongozi anga anandiitanitsa. Anakhala pa mphasa chapatali, atayang'ana kumbali monga mwa ulemu wa pa chipongozi.

"Bambo, mwachita bwino kutibweretsera mwana wathu," anatero. "Ena amatayidwa konko. Inu munamusunga mpaka mapeto."

Ndinawomba m'manja n'kuthokoza.

Chaka chitatha, akuchikazi anatumiza uthenga woti nthawi yosudzula yakwana, kuti andimasule pa ukwati ndikhale mfulu. Popeza sindikanatha kupitanso kumudzi, amayi ndi atsibweni ake a malemu anapereka mawuwo kwa mkulu wa mkazi wanga, yemwenso ndi namwino ndipo amakhala ku Nuneaton, kuti awanene m'malo mwawo. Anakonza Loweruka masana, pamaso pa mkulu wa mpingo. Sabata yonse ndinkaganiza za mawu aja akuti munamusunga mpaka mapeto. Munthu amene ankafuna kumumasulayo sanali ine.

Ndinakwera sitima ya m'mawa, buku lili m'chikwama, ndipo ndinafika maola atatu nthawi isanakwane. Amuna a alamu angawo anali atapita ndi ana kokagula zinthu. Alamu anatsegula chitseko ali ndi mpeni wa anyezi m'manja.

"Alamu, mwalawiratu chonchi, mukufuna kumasulidwa msanga? Alipo kale wina eti?"

"Ayi alamu. Ndili ndi mawu, ndimafuna muwamve anthu asanabwere."

Anandiyang'ana, n'kukasiya mpeni kukhitchini. Tinakhala pabalaza. Ndinatsegula buku pa mawondo anga, n'kutulutsa katoni ija, n'kuwapatsa. Ndinawauza pamene inali, amene anaimata, ndi tsiku limene inachoka. Ndinawauzanso kuti ndinkadziwa za moto ndi mpweya kuposa anthu ambiri, ndipo ndinawaonetsa tsamba la makala.

Sanayang'ane tsambalo. Ankatembenuza katoni m'manja.

"Mutu unayamba kumuwawa mutamata kapena musanamate?"

"Nditamata."

"Anandiuza pa foni za mutuwo," anatero. "Ndinamuuza kuti azimwa madzi ambiri. Ine nesi."

Anaimirira, n'kukankha mpando waukulu umene unali pakona. Kuseri kwake kunali bowo ngati lathu lija, lotsekedwa ndi thaulo lakale lopindidwa, lomangiriridwa ku kachitsulo ndi waya. Anagwada n'kuyamba kumasula wayayo, osalola kuti ndiwathandize. Thaulo litachoka, mphepo yozizira inayamba kutiwomba m'mapazi.

"Chaka chachitatu lili pamenepa," anatero. "Ana anga amachitira homuweki pansi pomwepa."

Anakhalanso pansi, thaulo lili pa miyendo. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, kapena anena kuti sindinalakwe. Sananene chilichonse mwa ziwirizi.

"Ine lero sindikumasulani, alamu. Mawu amene anandipatsa ndi a munthu amene amayi akumudziwa. Ayambe amva izi, kenako anene okha ngati mawuwo akadali omwewo. Chaka chonse, alamu. Tinkakuphikirani, tinkakulirirani."

"Ndikudziwa."

"Mwambo ukuti mudzere kwa ankhoswe. Koma ankhoswe akazifewetsa, zikafika kwa amayi zitasanduka zina. Ndiwauze ine?"

"Ndiwauza ndekha."

Anatenga khadi loimbira kunja m'kabati, n'kulipala ndi ndalama yachitsulo. Kumudzi foni inali ya mwini golosale wa pafupi, choncho tinaimba kuti akawaitane, n'kudikira mphindi makumi awiri. Alamu anaimbira mkulu wa mpingo kuti asabwere. Kenako tinaimbanso, iwo n'kundipatsa foni.

Mkamwini salankhula ndi apongozi ake mawu ambiri, ndipo ine ndinali ndisanawauzepo nkhani yaitali kuposa moni. Ndinapepesa chifukwa cholumpha ankhoswe, ndipo ndinafotokoza zonse monga ndinafotokozera alamu. Kuti amvetse za hita ndinati ndi mbaula ya kuno. Mawu ankachedwa kufika, moti ndinkamva mapeto a mawu anga akubwerera. Nditamaliza, apongozi anandifunsa, wailesi ya m'golosale ikumveka kumbuyo.

"Munatsekeranji, bambo?"

"Ankazizidwa mapazi."

"Ankazizidwa kuyambira ali mwana," anatero. "Nanga pa maliro paja, pamene ndinkakuthokozani, munali mukudziwa?"

"Ndinali ndikudziwa, amayi."

"Ndamva. Za kusudzula ndikambirana ndi atsibweni ake. Mundipatse mwana wanga."

Ndinapereka foni kwa alamu n'kutuluka panja.

Mawu ondimasula anabwera patapita miyezi isanu, kudzera kwa ankhoswe, ndipo alamu anawanena pabalaza pomwe paja, mkulu wa mpingo alipo. Anali mawu a mwambo okhaokha, opanda chowonjezera. Apongozi sanalankhulenso nane kuchokera tsiku la foni lija. Ndikatumiza moni kudzera kwa alamu, amabweza moni.

Buku lija sindinakalikonzetse. Chikuto chinachokeratu, ndipo ndimalimanga ndi kansalu. Katoni ndinafuna kuisiya kwa alamu tsiku lomwe lija, koma anaibweza m'manja mwanga, akuti si yawo.