Mkamwini Wotopa Apita ku Nguludi

Tinanyamuka pa Milepa dzuwa lisanatenthe, ine ndi amalume a mkazi wanga. Sanabwere kudzandiperekeza ayi, anabwera ngati mboni. Chidwalireni malungo chaka chathacho, ndikangolima mizere iwiri ndinkagona masiku angapo, minofu ikuwawa ngati andimenya ndi musi. Kuchikamwini matenda otere ali ndi dzina limodzi: ulesi. Apongozi anali atagamula kale kuti adokotala akapanda kupeza kanthu, ndilongedze.

Tinakwera njinga za kabaza mpaka kumsewu wa tala, fote kwacha aliyense. Mu minibasi kondakitala anatipanikiza asanu pa mpando wa atatu, ine nkundisenzetsa dengu la nthochi la mayi wina. Mayiyo anandigawira imodzi, ati lendi ya miyendo yanga.

Masana tinatsika pamphambano ya ku Nguludi nkutenganso kabaza. Aliyense amadziwa kuti pachitunda wokwera amatsika nkuyenda pansi. Wakabaza anandiyang'ana nati, "Inu khalani, bambo, ndikukankhani."

Ndikhale, amalume akuona? Ndinatsika. Ndinakwera chitunda chonsecho nditaluma mano, mpaka kuwapitirira. Pamwamba miyendo inakana, ndipo pachipata cha chipatala ndinalowa amalume ndi wakabaza atandigwira uku ndi uku.

Anandiyeza magazi, malungo palibe, magazi okwanira. Mtima wanga unagwa. Koma adokotala anafunsa mafunso ambirimbiri, kenako anatembenukira kwa amalume.

"Bambo, minofu ikamagwira ntchito imatulutsa zinyalala zina, thupi nkumazichotsa. Mwa anthu odwala kutopa kosatha ngati awa, zikuoneka kuti zimachuluka kuposa mphamvu yozichotsa, nkumadya minofu ngati dzimbiri pa khasu. Akadzikakamiza, amalipira mawa lake."

"Nanga poti chitunda chija akwera okha, kundisiya ine kumbuyo?" anafunsa amalume.

Kudzionetsa kwanga kunali kutandigulitsa.

"Gonani nawo konkuno, muwaone mawa," anatero adokotala.

Mawa lake sindinathe ngakhale kukweza kapu ya tiyi. Amalume anandimwetsa okha, nkhope ili pansi. Ndinalira, sindibisa.

"Mankhwala ochiza palibe, akuti muziyenda nawo pang'onopang'ono," anatero amalume tikudikira minibasi tsiku lachitatu. "Alongo anga ndikalankhula nawo ndine. Inu simuchoka."

Chaka chonse ndinkabisa kufooka kwanga kuti ukwati usathe. Unapulumuka tsiku limene ndinalephera kubisa.