Tinaika Nthochi M'manda a Bambo

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kumeneko nkudzuka, poti ndinangotsamira khoma la chipinda chomwe munali bokosi la bambo. Kunali kuzizira kwa mwezi wa Juni, kuja kwa ku Kaseye kolowa mpaka m'mafupa. Panja azibambo anali atazungulira moto atafunda mabulangete, nyimbo zitawathera pakhosi. Kuseri kwa nyumba azimayi ankasonkha moto pamafuwa, ndipo okumba manda anali atanyamuka kale ndi makasu awo.

Bambo anga anali a ku Dedza. Anabwera ku Chitipa ali mnyamata kudzaphunzitsa, nakwatira mayi anga, mwana wa konkuno, osabwereranso. Atapuma ntchito ankasonkhanitsa anthu a mumpingo Lachitatu lililonse pansi pa mtengo wa mango, nkumawamasulira mawu a m'Baibulo: kuti Hosana ndi kupempha chipulumutso, kuti Amen ndi kuvomereza kuti nzoonadi, ndiponso kuti Akhristu oyamba ankatcha manda kuti malo ogona. Koma nkhani imene ankaikonda, mpaka ife ana tinatopa nayo, inali ya Monika, mayi wa Agusitino, amene anamwalira paulendo kutali ndi kwawo, atauza ana ake kuti asavutike nkunyamula thupi lake. Dzina langa linachokera pamenepo. Nawonso bambo ananenetsa kuti adzagone konkuno, pamene mayi adzawapeze tsiku lawo likadzakwana. Anauza ife, anauzanso mkulu wa mpingo amene anali wophunzira wawo wapamtima. Mkuluyo anawagwira dzanja kuchipatala pa Boma nalonjeza, ine ndikuona ndi maso angawa.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika, ena wapansi atasenza ufa ndi nkhuni, ena pa njinga. Ena amene bambo anawaphunzitsa kalekale anachokera ku Nthalire pa njinga zamoto, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Mphepo inkaulutsa phulusa kulowetsa m'miphika, azimayi nkumatchinga ndi zitenje.

Kenako kunafika lole. Munatsika bambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo, ndi achibale ena a ku Dedza, anthu amene pa matenda onse aja sanaponde kuno ngakhale kamodzi. Analira bwinobwino, anamwa tiyi, kenako anaitana akuluakulu kuseri kwa nkhokwe. Uthenga unatipeza m'nyumba kuti akufuna thupi, ati mwana wawo sangagone kuchilendo, ndipo kumudzi manda akumba kale. Mayi anandiyang'ana. Ndinawauza kuti asade nkhawa, mkulu wa mpingo ali komweko. Ndinalankhula motsimikiza zedi, uchitsiru wanga.

Mwambo utayamba, mkulu uja anaimirira natsegula Baibulo. Anawerenga za mafupa a Yosefe, mmene ana a Israeli anawanyamulira kuchoka ku Igupto kuti akawaike kwawo. Anamasulira pang'onopang'ono, chala chili m'mwamba, ndendende mmene bambo ankachitira pansi pa mango paja. Za Monika sanatchuleko. Anamaliza ndi kunena kuti akuluakulu agwirizana, malemu apita kwawo, tisakangane pa maliro. Anthu a Lachitatu aja anangoweramitsa mitu, ena mpaka kuyankha kuti Amen.

Bambo aang'ono ndinalibe nawo mawu ambiri, iwo sanalonjeze kanthu kwa munthu. Koma uyu anatenga zimene bambo anamuphunzitsa nkuwagulitsa nazo, iwo ali gone m'bokosi patsogolo pake. Mtima unandiwawa kuposa tsiku limene bambo anatsirizika. Ndinamutsatira pamene ankatsika pakhonde.

"Abambo, si inu munawagwira dzanja kuchipatala kuja?"

"Pepani chomene, mama," anatero, maso ali pa nsapato zake. "Awa ndi eni ake. Ife tingachite vichi?"

Bokosi linakwezedwa pa lole dzuwa lili pamutu, nkhata za maluwa zonse nkupita nalo. Mchimwene wanga anakwera nawo kuti pakhale mwana mmodzi wothira dothi. Mayi, ndi miyendo yawo yotupa ija, sakanatha ulendo wotero, ndipo ine sindikanawasiya okha. Anaima pakhomo atagwira feremu ya chitseko mpaka fumbi la lole litatha.

Tsono kunatsala dzenje. Akuluakulu a m'mudzi anati manda okumba sasiyidwa kukamwa, amaitana wina. Anadula thunthu la nthochi kudimba kwathu, lomwe bambo anabzala okha, nalikulunga m'nsalu yoyera. Tinalondolana nalo kupita kumanda, amuna patsogolo, ife pambuyo, mphepo ikutimenya kumaso. Wina anayambitsa nyimbo koma inafera panjira. Mkulu wa mpingo ankabwera kumbuyo kwenikweni, akukankha njinga yake. Amuna aja analitsitsa thunthulo ndi zingwe mosamala ngati munthu, ndipo atandipatsa fosholo kuti ndithire dothi, ndinathira. Ambiri sanadikire nkomwe chakudya, anabalalikira komweko.

Madzulo nyumba inali zii. Mabenchi anali atabwezedwa kutchalitchi, pabwalo patangotsala phulusa ndi mapazi a lole. Ndinawathira mayi madzi ofunda m'beseni kuti aviike miyendo, ine nkukhala pansi pambali pawo. Kenako mayi anafunsa, osati mokwiya, koma ngati munthu wofuna kudziwa za mawa.

"Monika, mwana wane, sono ine ndikadzafa mudzandigoneka pafupi ndi nthochi ija?"

Ndinangowapukuta mapazi.