Odwala a M'kompyuta ya Dona Domingas

Dona Domingas Kamwendo anakulira ku Dedza, kumene makolo awo anathawira nkhondo. Mtendere utabwera, banja lonse linabwerera kwawo. Iwo anaphunzira unamwino, nakhazikika ku Chimadzi mumzinda wa Tete. Pamene malasha anatchuka, magalimoto akuluakulu akuthithikana pa mlatho wa Zambezi, n'kuti iwo akuphunzitsa achinyamata ntchito yoyeza odwala.

Chaka china kampani ina ya malasha inapatsa sukulu yawo makompyuta okhala ndi pulogalamu yophunzitsa matenda. Mkulu wa sukulu, a Jacinto, anawapempha kuti aiunike. Ikawakhutiritsa, masiku oti ophunzira azikhala kuchipatala achepetsedwa.

Anaiunika mosamala, monga anachitira zinthu zonse. Cholinga cha phunziro lililonse chinali chomveka, mafunso ankachokera pa zimene zaphunzitsidwa, ndipo wolakwa ankauzidwa pomwepo pamene waphonya. Kunena zoona, anaikonda. Chinatsala chinali kuona ngati wokhoza pa kompyuta angakhozenso pa munthu. Anatenga Hilário, wophunzira amene pulogalamuyo inkamuyamikira kuposa onse, napita naye kuchipatala.

Kumeneko anapeza a Zita, mayi a ku Canongola, atafukata mwana wopuma mothamanga.

"Tamuyeza, Hilário."

Mnyamatayo anayang'ana nkhope, mikono ndi pamimba. "Ndi chimfine chabe, aphunzitsi. Mpweya ukanamuperewera, khungu likanasanduka labuluu."

Dona Domingas anatsegula kukamwa kwa mwanayo. Lilime ndi m'kati mwa milomo zinali mbuu ngati phulusa. Anathamangira botolo la mpweya, namuika mwanayo pa mpweyawo mpaka atayamba kupuma bwino.

"Iwe, munthu wabuluu unamuonapo kuti m'Tete muno?"

"Pa kompyuta, aphunzitsi," anayankha Hilário.

Atabwerera kusukulu, Dona Domingas anatsegula zithunzi za m'pulogalamuyo chimodzichimodzi. Wa chikuku, wosowa magazi, wobanika, onse anali azungu. Zithunzizo anaziona kale, koma popeza matendawo ankawadziwa, maso awo sanaime pa khungu. Ophunzira awo analibe chinanso chodziwira.

Anapita kwa a Jacinto. "Masiku a kuchipatala asachepe, bambo. Pulogalamuyi ikhale yowerengera mlingo wa mankhwala basi."

"Koma mayi, akampani akubwera Lachisanu kudzatijambula tili pa makompyuta."

"Abwere. Akamaliza andibwereke kamerayo. Ndikapempha odwala athu kuti ndijambule malilime ndi zikhato zawo, ana awa aphunzirire pamenepo."

A Jacinto anapukusa mutu, koma masikuwo sanawachepetse. M'mawa mwake Hilário anafika kuchipatala ndi katochi m'thumba, nayamba ndi mwana wa a Zita.

"Amayi, ndione nawo m'kamwamo?"