Ntchito Yanga Inali Kudwala

Tsiku limene amake Tadala anapeza mwayi wokapitiriza maphunziro a unamwino ku Dublin, m'dziko la Ireland, ndinagulitsa minibasi yanga n'kunena kuti tipitira limodzi. Achimwene anga aakulu, a Fulajensi, anaseka mpaka kutsokomola. "Chikamwini chokwera ndege chimenechi," anatero. Zimene ndinawayankha sindingalembe pano.

Tinapeza kachipinda ku Rathmines, m'nyumba yakale yonunkha chinyontho. Ine ndinayamba kunyamula zikwama pa hotela ina ku Citywest. Sipanapite nthawi, chuma cha dzikolo chinagwa chagada. Alendo anasiya kubwera, ife a zikwama n'kukhala oyamba kuuzidwa kuti basi. Ndalama ya sukulu ya mkazi wanga inkathera lendi, pomwe kumudzi foni sinkaleka kulira: feteleza, fizi, mankhwala a amayi. Tsiku lonse ndinkangokhala pawindo kuyang'ana mvula, wopanda ndi woti n'kukangana naye yemwe.

Tsiku lina mkazi wanga anabwera ndi nkhani.

"Bambo a Tadala, kusukulu kwathu akufuna anthu onamizira kudwala. Masiku ano ophunzira sayambira pa wodwala weniweni. Amayambira pa chidole, kenako pa munthu wochita sewero. Akusowa wodwala wolusa."

"Ndiye mwaganiza ine?"

"Nanga ndani winanso?"

Ndinapita. Ankandiveka kamkanjo kotsegula kumbuyo, n'kundigoneka pabedi, ati lero ndinu mkulu wodwala shuga amene wakana jakisoni. Ndinkakalipa mpaka ophunzira achizunguwo kuiwala zofunsa, aphunzitsi awo akuonera kuseri kwa galasi. Pamapeto ankandifunsa ngati wophunzirayo anandimvetsera, ndipo ndinkanena mosapsatira. Mkwiyo umene kale unandichotsetsa ntchito ina ku Limbe unayamba kulipira magetsi.

Chithunzi changa ndili pabedipo chitafika kumudzi, a Fulajensi anaimba foni. "Munthu wabwinobwino kukagona pabedi la odwala? Malodza amenewo. Ukuitanira mtundu matenda." Amayi atamwalira, ine ndilibe ndi ya tikiti yomwe, uthenga wa achimwene unali waufupi: waona zimene waitana.

Ankafuna ndisiye, tibwerere mkazi wanga asanamalize? Lolemba lake ndinakavalanso kamkanjo kaja. Ndinalira m'basi, koma ndinapita.

Titabwerera, amake Tadala anayamba kuphunzitsa pa koleji ina ya anamwino. Ine ndinapita kumanda, kenako ndinakhala pansi ndi mlongo wanga Esinala, amene ankadikirira amayi kuchipatala. Ndinamuuza kuti andifotokozere zonse, asandibisire.

"Achimwene, m'mawa kunkabwera namwino, mtsikana waulemu ndithu. Ankati, 'Mwadzuka bwanji agogo?' Amayi n'kumati, 'Ndadzuka bwino, kaya inu anesi.' Akangochoka, amayi ankaluma chitenje chifukwa cha ululu. Ndikati ndinene, ankanditsina, ati usavutitse anthu ali pantchito. Mapeto ake anawatulutsa kuti apeza bwino."

Ndinafika kunyumba nditapsa mtima kwambiri. Ndinauza mkazi wanga kuti andipatse ophunzira akewo ndiwakalipire mpaka akhwime. Anapukusa mutu.

"Wodwala wa kwathu sakalipa, bambo a Tadala. Kafukufuku wanga yense wa ku Dublin uja nkhani yake ndi imeneyo, kungoti inu simunawerenge. Ngati mukufuna kundithandiza, phunzirani kukhala chete."

Palibe ntchito imene yandivutapo ngati imeneyi. Lero ine, amene Limbe yonse imandidziwa pakamwa, ndimagona pabedi la pakoleji nditapinda manja, n'kumati ndili bwino, kaya inu. Wophunzira akangolemba n'kutembenuka kuti azipita, walephera, ndipo ndimamuuza pamaso. Amene amakoka mpando, n'kuona mmene ndagwirira pamimba, n'kundifunsanso mofatsa, ameneyo ndiye ndimamuululira pamene pakupweteka.

A Fulajensi sanasiye za malodza. Mwezi watha pa ukwati wa mwana wa Esinala anazinenanso, anthu akumva. Ndinaika mbale pansi.

"Achimwene, pabedi limenelo ine sindichokapo. Tsiku limene mudzagonepo inu, mudzati muli bwino. Ndikukudziwani, tinayamwa bere limodzi. Ingopempherani kuti namwino wake adzakhale woti anadutsa pa ine."